Zimene Zinalembedwa Kuseri kwa Kuponi

Lolemba, sabata yachiwiri ya Julaye.

Ndadzuka mtima uli wolemera, ngati wa munthu amene akudikira kuitanidwa ku ofesi ya ahedi. Kunja kunali chisanu, ndipo ndinamva Atate akuwombanitsa ndowa pabwalo, komwe ndiko kuitana kwawo kuti tipite kudimba. Kalata ija inali m'buku langa la masamu momwe ndinaisiya. Ndi kalata yabwino, ndaikopera katatu ndipo mulibe liwu lolakwika. Koma zimene ikunena si zoona, ndipo pakhomo pano amene akudziwa zimenezi ndine ndekha.

Tsopano ndaweruka kusukulu, ndakhala kuseri kwa nyumba komwe kukuwomba dzuwa. Ndilembe zonse kuchokera pomwe zinayambira, mwina ndikaziona papepala ndidziwa chochita.

Kuno ku Bundabunda amati ndili ndi dzanja labwino. Ndinabadwa tsiku limene mvula inagwa itachedwa kwambiri, ndipo Atate anati mwana wotere sabwera chimanjamanja. Chaka chilichonse njere zoyamba za chimanga ndimaponya ndine m'phando. Ndinayamba ndili wamng'ono kwambiri moti ankachita kundigwira mkono. Nkhuku ikafuna kufungatira, mazira ndimaika ndine. Anansi amabwera kudzandibwereka ngati khasu kuti ndikawaponyere nyemba zoyamba. Ineyo sindinazikhulupirirepo kwenikweni, chifukwa chaka cha chilala chimanga chimene ndinaponya chinauma mofanana ndi cha wina aliyense. Koma Atate si munthu woyamikira ndi pakamwa. Ndikabwera ndi lipoti labwino amangogwedeza mutu n'kupatsa Amayi kuti asunge. Dzanja langa ndi chinthu chokhacho chimene amanditama nacho anthu akumva, ndipo ndinkakonda kumva.

Chichokereni chilala chija tikudalira dimba la repu ndi tomato m'mphepete mwa kamtsinje. Madzi anathawira kudziwe lakumunsi, ndipo kuchokera kumeneko kufika pamabedi ndi chitunda. Amayi msana unawavuta, azing'ono anga awiri sanganyamule ndowa yodzaza, choncho othirira ndife awiri, ine ndi Atate. Ndimafika kusukulu phunziro loyamba litatha, siketi itanyowa, zala zitauma moti cholembera chimandipulumuka. Ngakhale tikuvutika choncho, mabedi amene timakwanitsa ndi ochepa, osakwana kudyetsa anthu asanu.

Pa Pasaka kunabwera azakhali, alongo awo a Atate, amene amakhala ku Silverest ndipo amagwira ntchito mu Lusaka. Ali ndi khanda, ndipo akufuna mtsikana wolera mwana ndi kusamala nyumba. Anandiyang'ana ndikutsuka mbale, kenaka anatembenukira kwa Atate.

"Alongo, nipaseniko uyu. Azadya bwino, azavala bwino, na imwe nizayamba kukutumizirani unga wa nsima."

"Nanga sukulu?" anafunsa Amayi.

"Sukulu siithawa, mulamu. Njala ndiye imathamangitsa munthu."

Atate anati, "Teremu yachiwiri ikatha tizaona." Pakhomo pathu mawu amenewo amatanthauza kuti inde. Ine ndili Giredi 11. Kwanditsalira chaka chimodzi, ndipo ndimafuna kudzakhala mlangizi wa zaulimi. Atsikana amene anapita kukalera ana m'tauni ndimawadziwa, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera m'kalasi.

Mwezi womwewo sitolo ina ya zaulimi ya pa boma la Chongwe inayamba mpikisano wa maere. Aliyense wogula mbewu kapena mankhwala ankapatsidwa kuponi, kapepala koti alembepo dzina ndi kukaponya m'bokosi. Mphoto yaikulu inali pampu ya sola pamodzi ndi mapaipi ake. Anaiika pakhonde, atamangirira ndi unyolo kumzati. Loweruka lililonse tikagulitsa repu, Atate ankaima pamenepo manja ali kumbuyo, akuiyang'ana ngati mmene amayang'anira ng'ombe ya mwini. Pobwerera ankandifotokozera momwe paipi ingadutsire kuchokera kudziwe, ndi mabedi atsopano amene tingalime. Tsiku lina anawonjezera, osandiyang'ana, kuti, "Ikabwera ija, ba anti ako azasakila mwana wina."

Loweruka lina tinagula mbewu ya tomato ndi mankhwala ophera tizilombo, ndipo anatipatsa makuponi atatu. Atate amadziwa kulemba dzina lawo, koma amachedwa, ndipo sakonda kulemba anthu akuona. Anandipatsa makuponiwo.

"Lemba."

"Nilembe dzina lanu lonse, Atate?"

"Langa linawinapo chani? Lemba lako. Dzanja ni lako, na dzina likhale lako."

Ndinatembenuza kuponi imodzi kuti ndione ngati pali malo ena olemba. Kuseri kwake kunali timalemba ting'onoting'ono ta Chingerezi. Mzere wachitatu unkati wolowa mpikisano akhale wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu kapena kuposa. Wotsatira unkati mphoto idzaperekedwa kwa mwini dzina lolembedwa pakuponi basi, akaonetsa chitupa chake. Ndinawerenga kawiri. Ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndidzakwanitsa zofunikazo mu Okutobala.

Atate sindinawauze. Ndinalemba dzina langa katatu, mosamala, ngati pamayeso.

Ndaganiza kwambiri chifukwa chake ndinachita zimenezi. Ndikhoza kunena kuti bokosi linali litadzaza makuponi a anthu ambiri, ndipo sindinayembekeze kuti tingapambane. Ndikhoza kunena kuti ndinaganiza kuti malamulo a kuseri kwa mapepala amangolembedwa, palibe amawatsatira. Zonsezo ndi zoona pang'ono. Koma china chimene ndikuchita nacho manyazi n'chakuti Atate anali atauza mayi wina amene anaima pafupi kuti, "Uyu mwana wanga akagwira chinthu chimamera," ndipo sindinafune kuwadula mawu pamaso pa mlendo n'kuwauza kuti dzanja langa silikuloledwa.

Maere anachitika Loweruka lapitalo lisanafike ili la dzana. Anamanga tenti kutsogolo kwa sitolo, ndipo anthu anadzaza mpaka m'mphepete mwa msewu waukulu. Panali mwamuna wa chimkuzamawu woseketsa anthu, mwini sitolo atavala jekete, ndi mayi wina wa magalasi amene anakhala patebulo ali ndi faelo. Analengeza kuti mayiyo wachokera ku ofesi ya boma yoyang'anira masewera otere, ndipo wabwera kudzaona kuti zonse zichitike mwachilungamo. Sanamwetulire ngakhale pang'ono. Anayamba walamula kuti mgolo wa waya woikamo makuponi auzungulitse uli wopanda kanthu, aliyense aone. Kenaka anayang'ana chidindo cha pabokosi lililonse lisanatsegulidwe. Makuponi atathiridwa mumgolo, anakana kuti wantchito wa m'sitolo atole. Anasankha gogo wina m'gulu, anam'manga chitenje kumaso, n'kumukwinyira dzanja la juzi mpaka m'chigongono.

Zinayamba ndi mphoto zazing'ono, makasu, zipewa, matumba a mbewu. Kenaka mgolo unazungulira nthawi yaitali, gogo uja anapisa dzanja, ndipo ndinamva dzina langa likutuluka m'chimkuzamawu, mayina onse awiri, pamodzi ndi Bundabunda.

Sindinawaonepo Atate ali choncho. Anavula chipewa n'kuchikweza m'mwamba, anandigwira pamkono n'kundikoka pakati pa anthu, akunena kwa aliyense amene tinamudutsa kuti, "Ni wanga uyu, ni wanga." Amayi ena anaimba nthungululu. Wa chimkuzamawu anati, "Anyamata a pa Chongwe, mwamuona? Uyu lobola yake yakwera lero, ali na pampu." Anthu anaseka. Kwa mphindi zochepa ndinaiwala mzere wachitatu uja. Ndinaikhudza pampu, inali yotentha ndi dzuwa.

Mayi wa magalasi anatambasula dzanja. "Chitupa."

Chitupa changa ndinachitenga chaka chatha, ndipo ndimayenda nacho monyadira. Anachiyang'ana, anayang'ana ine, anayang'ananso chitupa. Anaitana mwini sitolo n'kumuonetsa ndi chala, ndipo ndinaona nkhope ya bamboyo ikugwa. Mayiyo anafotokozera Atate mofatsa kuti mwana sanakwane zaka, kuponi iyi siwerengedwa.

"Ni mwana wanga," anatero Atate. "Nine ninagula mbewu. Nipaseni ine."

"Batate, dzina lili apa si lanu."

"Manje mwana na tate wake ni anthu awiri?"

"Ku lamulo ni awiri."

Atate anatembenukira kwa mwini sitolo n'kuyamba kukweza mawu. Pamene iwo ankakangana, mayi uja anandiitana ndi chala kuti ndiwerame, ndipo anandifunsa motsitsa mawu.

"Uli giredi chani?"

"Leveni."

"Ndiye Chizungu umawerenga. Kumbuyo unaonako?"

Ndinayang'ana pansi. Sanandifunsenso. Anandibwezera chitupa, analemba china m'faelo, n'kulamula kuti mgolo uzungulirenso. Pampu inapita kwa bambo wina wa ku Nkomeshya amene anabwera panjinga, ndipo anayamba kufunsa anthu kuti ainyamula bwanji. Polandira anagwira dzanja la mwini sitolo ndi manja awiri, akuseka. Atate anaziona zimenezo.

Tinabwerera pa minibasi. Titatsika n'kuyamba kuyenda njira ya kwathu, Atate anaima n'kunena kuti, "Atibera. Uja ni m'bale wake, unaona mmene anapatsirana moni?" Ndinali ndi mpata woyankha pamenepo, panalibe munthu wina panjira. Ndinangosintha dengu kuchoka dzanja lina kupita lina.

Kuyambira tsiku limenelo nkhani yakula. Atate aifotokoza kutchalitchi, pachitsime, ndi kwa aliyense wodutsa kudimba, ndipo ikamafotokozedwa ikumawonjezereka. Tsopano akuti za zakazo anazipeka pomwepo ataona kuti wapambana ndi mwana wa munthu wosauka. Anansi ena alumbira kuti sadzagulanso kusitolo imeneyo. Makuponi onse anatsala mumgolo, choncho palibe amene angatembenuze imodzi n'kuwerenga, ndipo amene amadziwa Chingerezi pakhomo pano ndine. Atate anandifunsa kamodzi kuti, "Panali polemba za zaka?" Ndinayankha kuti pomwe ndinalemba panali malo a dzina, mudzi ndi nambala ya foni. Si bodza, koma ndikudziwa chimene ndinachita.

Lachinayi Atate anaimbira foni azakhali ine ndikumva. "Mwana sabwera manje," anatero. "Tili na mlandu. Ndani azanilembera makalata akayenda?" Atadula anandiuza kuti sindichoka pakhomo mpaka pampu yathu itabwera. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndipo chimwemwe chimenecho chikundinyansa mpaka lero. Ndinaona kuti bodzali likundisunga pasukulu. Mlandu ukamatalika, inenso ndikhala m'kalasi. Ndikanena zoona, mlandu watha, pampu kulibe, ndipo teremu ikutha mwezi wamawa.

Kalata yodandaula kuti anatibera pampu ndinailemba Loweruka, iwo akunena m'Chinyanja ine ndikuika m'Chingerezi. Akufuna kupita nayo Lachitatu ku ofesi ya mayi wa magalasi uja mu Lusaka. Wina anawauza kuti milandu yotere imafuna maulendo ambiri, choncho aganiza zogulitsa mbuzi yaikazi, yokhayo imene inatsala. Ili ndi bere. Wogula abwera mawa masana. Amayi anayesa kuletsa, koma Atate anati, "Mbuzi imodzi na pampu, chachikulu ni chiti?" Amayi anandiyang'ana ngati akufuna kuti ndiwathandize, ine ndinatuluka kukatola nkhuni zimene sitinkazifuna.

Lero nthawi yopuma ndinapita kwa aphunzitsi athu a maphunziro a unzika. Ndi mayi wachikulire, wokonda kuseka, ndipo nkhani ya pampu anali ataimva kale. Ndinawapatsa kalata kuti aione. Anawerenga akumwa tiyi wa m'fulasiki.

"Chizungu chake nakupasa mamaki onse," anatero. "Koma iyi siwina, mwana wanga. Uziba zimenezo?"

Ndinafunsa ngati malamulo otere ali kuno kokha. Anaseka, n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Anati lotale ndi maere a mphoto zilipo m'maiko ambiri, ndipo dziko lililonse lili ndi njira yake. Kwina boma lenilenilo ndilo limayendetsa, ndipo gawo la zimene anthu amalipira limapita kusukulu, kumasewera kapena kuzipatala. Kwina boma limapereka chilolezo kwa kampani n'kumaiyang'anira, monga mmene mayi wa magalasi ankachitira ndi mgolo uja. Maiko ena amaletseratu chifukwa cha chipembedzo. Kuli komwe wopambana amaloledwa kubisa dzina, ndipo ena amakalandira mphoto atavala zobisa nkhope poopa achibale. Kulinso komwe tikiti silembedwa dzina, mwini wake ndi amene waigwira m'manja.

Pamenepo ndinaganiza kuti tikanakhala kudziko lotero, Atate akanangotenga kuponi m'dzanja langa n'kupita nayo kutebulo. Ndinawauza aphunzitsi, ndipo anati n'zoona, koma kumeneko ukataya tikiti wotola ndiye amadya.

Anandiuzanso za dziko lina la ku Ulaya komwe nthawi ya Khirisimasi manambala opambana amaimbidwa ndi ana asukulu, dziko lonse likumvetsera, koma ana omwewo saloledwa kugula tikiti. Anati pafupifupi kulikonse komwe kuli malamulo, mwana amatsekeredwa kunja, kuopa kuti angakule akudikira mwayi m'malo mogwira ntchito, ndiponso kuti akuluakulu asamabisale kumbuyo kwa mayina a ana. Ndinati Atate sanabisale, anangokhulupirira dzanja langa. Anati akudziwa, koma lamulo silinalembedwere Atate okha.

Kenaka anaika kapu pansi n'kundiyang'ana. "Iwe umawerenga chilichonse, na mapepala omangira vitumbuwa. Kuponi sunaitembenuze?"

Iwo ndinawauza zoona. Ndinawauzanso za azakhali ndi za mbuzi. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanandikalipira. Anangoti bambo wa sitolo uja nayenso ali ndi ana amene akumva atate awo akutchedwa wakuba. Za Silverest anati sangandilonjeze kanthu, koma kufupi ndi kumeneko kuli masukulu amene amaphunzitsa masana, ndipo ngati azakhali angalole, iwo angandilembere kalata yosamukira. Anatinso ngati Atate angafune, angabwere kunyumba kudzakamba nawo. Belu linalira ndisanayankhe.

Ndabwerera pang'onopang'ono. Ndinadzera kudimba, ndinapeza Atate atakhoma zikhomo m'chitunda chonse kuchokera kudziwe, kuonetsa momwe paipi idzadutse. Anazikhoma molunjika bwino, atayeza ndi chingwe. Repu wa m'bedi lakumtunda wayamba kufota chifukwa m'mawa uno sitinafikeko. Mbuzi ija yamangidwa pamtengo pafupi ndi pomwe ndakhala, ikudya makoko a nthochi, mimba ili kumbali.

Ndikuopa zinthu ziwiri. Ndikuopa minibasi ya ku Silverest, ndi kumva belu la sukulu ya eni ndili ndi mwana kumbuyo. Koma ndikuopanso tsiku lodzala likadzafika, Atate n'kutenga njere zoyamba n'kuponya okha osandiitana. Sindikudziwa kuti chopweteka kwambiri n'chiti. Ndimadziuza kuti mwina akadzapsa mtima n'kuphwa, adzakumbukira kuti ndine amene ndimasenza ndowa yachiwiri, ndipo popanda ine mabedi adzachepa kuposa pano. Mwina adzalola kuti aphunzitsi abwere. Mwinanso ayi.

Mawa ndidzuka iwo asanawombanitse ndowa, ndikayambe ndekha bedi lakumtunda. Akafika kudziwe, komwe kulibe wina womva, ndiwauza kuti kuseri kwa kuponi kunali lamulo la zaka, kuti ndinaliwerenga kawiri ndisanalembe dzina langa, ndiponso kuti bambo wa sitolo sanatibere. Kalata ndiwapatsa m'manja kuti aing'ambe okha. Ndiwapempha kuti wogula mbuzi akabwera masana amubweze, ndipo za Silverest ndidikira anene iwo, ndisanatchule za aphunzitsi.